Chaka Chimene Udzu Unayera

Kuseri kwa chitseko cha khitchini yathu ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester kuno ku dziko la azungu, kunkaima ndodo ya gofu imodzi, pakati pa tsache ndi mopu. Pogwirira pake panali pokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, yodulidwa ngati ya legeni, ndipo ukaigwira dzanja linkatsala likununkha tayala. Amayi ankakokera nayo sokosi zogwera kuseri kwa makina ochapira. Mwini wake anali amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ndipo akawapeza amayi akutero ankangogwira pakamwa n'kuyang'ana kudenga.

Ndodo zinzake zinali m'chikwama pansi pa bedi lawo, zogula konkuno zitagwirapo kale ntchito. Iyi yokha ndi imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi. Amalume anakulira pafupi ndi bwalo la gofu ku Blantyre. Anayamba kunyamulira osewera zikwama akadali wa kabudula, sukulu n'kuthera panjira, ndipo agogo aamuna anamwalira asanawakhululukire. Kumenya mpira anaphunzirira pa nthambi yopindika ya gwafa. Atakula, gofu inasanduka ntchito yawo. Ankakwera mabasi kupita ku mipikisano ku Zambia ndi ku Zimbabwe, chikwama atachikumbatira pamiyendo ulendo wonse, poopa kuti kondakitala angachiponye pamwamba pamodzi ndi matumba a chimanga. Kenako bambo anga anachoka pakhomo ine ndikadali kumsana, amayi n'kutsala okha ndi mashifiti a unesi. Amalume anasiya zonse n'kubwera kudzandilera. Ntchito anaipeza ku Loughborough, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera basi, kenako sitima, kukasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake.

"Mwini mbumba ndine," ankatero akamamwa tiyi, "koma ndimagona ndi masutikesi." Kachipinda kawo kanalidi kosungiramo katundu. Ankanena akuseka, ine n'kumaseka nawo. Panopa ndikaganiza za munthu wamkulu wogona atapinda miyendo kwa zaka zonse zija, kuseka kwake sikubwera.

M'chaka cha 2018 ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chichewa ndinkamva ndithu, koma poyankha ndinkayankha m'Chizungu, ngati ana anzanga onse a kutchalitchi. Chaka chimenecho mvula inaleka. Ku Leicester mvula sileka, koma inaleka. Udzu wa m'paki kuseri kwa nyumba zathu unayamba wachita chikasu, kenako unayera ngati mphasa yakale, ndipo ukauponda unkathetheka pansi pa nsapato. Nthaka inachita ming'alu yoti chala n'kulowa. Phula linkafewa pamsewu, m'basi munkanunkha thukuta, galimoto ya ayisikilimu inkaimba kanyimbo kake kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Anansi athu ankadandaula za maluwa awo. Amalume anatuluka panja tsiku lina, anawerama, anakanda nthaka ndi chikhadabo, n'kudzuka nkhope ikuwala.

"Uyu ndi Okutobala wa kwathu," anatero. "Wanditsatira."

Anandifotokozera tikuyenda. Udzu wa kuno umakhala wonyowa, mpira ukagwa umangokhala pomwepo, ndiye amapambana ndi anyamata amphamvu oponya m'mwamba ndi kutali. Koma pa nthaka youma mpira umadumpha n'kuthamanga ngati mbewa, ndipo iwo anakulira pa nthaka yotero. Mwezi wa Julaye uliwonse kunkachitika mpikisano waukulu umene tinkauonera pa TV, ndipo khomo lake linali lotsekuka pang'ono kwa aliyense amene gofu inali ntchito yake: umayamba ndi mpikisano wa tsiku limodzi pabwalo la m'dera lanu, ochita bwino n'kupita patsogolo. Zaka zonse amalume ankangoonera. Chaka chimenecho, atapitirira kale zaka makumi anayi, analembetsa.

Tinayamba kupita kumapeto kwa paki, kufupi ndi mpanda wa zitsamba kumene anthu oyendetsa agalu sankafikako kwenikweni. Ine ndikaweruka kusukulu, iwo akatsika basi, tinkangosintha nsapato. Ankatsanulira timipira toyera pansi, ine n'kuima kumbuyo kwawo. Akamenya, ankakhala chiimire, ndodo ili paphewa, n'kufunsa osatembenuka: "Wagwera kuti?"

Lamulo linali limodzi: pabwalo Chizungu ayi. Ndikayankha m'Chizungu ankakhala ngati wawomba ndi mphepo chabe. Ndiye ndinaphunzira kunena kuti kumanzere, kumanja, kupitirira mtengo, m'munsi mwa mpanda, wadumpha n'kugubuduka. Lilime linkandilemera, iwo n'kumandibwerezetsa mpaka mawu atatuluka owongoka. Chichewa chimene ndikulembera pano chinamera pa udzu wouma umenewo, ndipo mpaka lero mawu oti kumanzere amandinunkhira fumbi.

Ndinkayesa kuti akundiyesa maso, ngati mmene aphunzitsi amafunsira funso limene yankho lake akulidziwa kale. Sanali mayeso. Amalume anali ndi matenda a shuga kuyambira kale, ndipo shugayo anali atayamba kudya maso. Mpira ukangochoka pa ndodo, kwa iwo unkalowa m'nkhungu. Izi ndikuzinena ndi nzeru za lero. Nthawi imeneyo ndinkangonyada kuti ndine mwana wa maso akuthwa, ndipo ndikayankha bwino ankandigulira ayisikilimu, iwo osalawako.

Loweruka lina tinachokera ku Spinney Hill kogula nyama ya mbuzi ndi chinangwa. Ndinakhala pamasitepe kumasula zingwe za nsapato, amayi ndi amalume analowa kukhitchini. Ndinamva amalume akupempha kuti ndijombe kusukulu Lolemba la mpikisano, ndipite nawo.

"Mwanayu si maso anu, achimwene," anatero amayi.

"Tsiku limodzi lokha, achemwali."

"Adokotala anakuuzani chiyani? Ku apointimenti ija munapita n'komwe?"

"Ndinapita. Ndinamva."

Mpeni unkagogoda pathabwa. Kenako amalume analankhula motsitsa, moti ndinachita kusiya kupuma kuti ndimve. "Ngati n'kugwa, ndikagwere pabwalo. Osati pamasitepe a kuntchito nditanyamula mbale za eni ake."

Ine ndinangotolapo zoti amayi sakufuna ndijombe, ndipo ndinawakwiyira madzulo onse. Koma m'mawa mwake, tikukonzekera zopita kutchalitchi, amayi ananena akuyang'ana pagalasi kuti asinthana shifiti ndi mnzawo. Anati aimbira foni aphunzitsi anga. Anatinso chikwama anyamula okha. Amayi ankadana ndi gofu kuyambira utsikana wawo. Ankati ndi masewera amene anawabera mlongo wawo kusukulu, ndipo phazi lawo linali lisanapondepo pabwalo lililonse. Amalume anayang'ana pansi, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira akulu akalandira chinthu cholemera.

Anatiperekeza pa galimoto ndi bambo wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu. Njira yonse ankaimba nyimbo za kwaya akumenya chiwongolero. "Muzawina chabe, mudala," ankatero. "Ise tizakuonani pa TV." Bwalolo linali kunja kwa tauni, kupitirira minda ya tirigu imene nayonso inali itapsa. Poimika magalimoto panali zigalimoto zonyezimira, ndi anyamata ataliatali a zikwama zatsopano, akudziwongola misana. Amalume anavala buluku limene anasita okha, mzere wake wakuthwa ngati mpeni. Amayi anavala nsapato zawo zoyera za kuchipatala, chitenje m'chiuno, chikwama cha ndodo chikuwamenya kumbuyo kwa mawondo chifukwa anali aafupi.

Bambo woitana mayina anapotoza dzina la amalume moti ine sindinalizindikire. Iwo anangovula chipewa n'kuwerama pang'ono. Anawaika ndi anyamata awiri achizungu, aulemu ndithu, amene akanatha kukhala ana awo. Anyamatawo anamenya mipira yawo m'mwamba, inakwera mpaka kusowa m'dzuwa. Amalume anamenya wawo chapansipansi. Unalira thwa! n'kuuluka ngati namzeze, unagwa, unadumpha, unathamanga, fumbi likutsatira pambuyo, mpaka unapitirira ya anyamata aja. Mmodzi anaimba mluzu. Ine ndinathamanga m'mbali mwa bwalo, ndinakaima pafupi ndi mpirawo, mkono uli m'mwamba.

M'mawa wonse zinayenda choncho. Ine ndinkatsogola, amayi ndi amalume akubwera pambuyo. Poyamba amayi ankapereka ndodo yolakwika, amalume n'kumaipapasa kumutu n'kubweza akumwetulira. Posakhalitsa anazolowera, anayamba kupukuta ndodo ndi nsonga ya chitenje. Mpira wina utalowa m'kadzenje kamene osewera amalinga, kuchokera patali, amayi anaiwala kuti pamalopo safuna phokoso. Anakuwa, n'kuwatchula amalume dzina la paubwana limene ndinali ndisanalimvepo. Ndinawayang'ana ndipo sindinaone nesi wotopa uja wogona masana makatani atatseka. Ndinaona mtsikana wa ku Blantyre akunyadira mlongo wake. Chithunzi chimenecho ndimachisunga mosamala, chifukwa sichinabwerenso.

Dzuwa litafika paliwombo, zonse zinayera. Udzu unayera, mchenga unayera, ngakhale mpweya unkanjenjemera pamwamba pa nthaka. Chilala chimene amalume anachilandira ngati mlendo wochokera kwawo ndi chomwecho chinawabisira mpira. Pa udzu wobiriwira wa zaka zonse, kanthu koyera kakanaonekabe. Ndinayamba kumva akufunsa amayi chapansipansi kuti mbendera yosonyeza kadzenje ili kuti, amayi n'kumayankha kuti ili molunjika mtengo wautali uja, kapena kumanja kwa kanyumba. Mipira ina inayamba kuphonya kadzenje ndi mpata woti ngakhale ine ndinadabwa. Amalume ankapukuta maso ndi kansalu, kuvula magalasi, kuvalanso.

Tinali tisanafike theka la masewero pamene zinachitika. Ndinaima pafupi ndi mpira monga ndinachitira m'mawa wonse, ndipo atayandikira ndinasuntha n'kukaima pambali, mmene anandiphunzitsira. Anatenga ndodo. Anaponda bwino, anagwedeza mapewa, n'kuika mutu wa ndodo kumbuyo kwa kanthu koyera. Sikanali mpira. Inali nthenga ya nkhunda. Mpira unali chapambali, kutalika kwa phazi la munthu.

Amalume anali munthu wa nthabwala, ndiye ndinayesa akuchita dala, n'kutsala pang'ono kuseka. Ndinayang'ana amayi kuti tiseke limodzi, koma nditaona nkhope yawo kuseka kuja kunathera pomwepo. Mnyamata mmodzi anayang'ana nsapato zake. Winayo anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la chikwama chake. Kutali kunkamveka thirakitala. Amayi anatsitsa chikwama pang'onopang'ono kuti ndodo zisalire, anayenda, anagwada pa udzu wobaya uja, n'kuloza ndi chala osaukhudza mpirawo.

"Uli apa, achimwene."

Kamphepo kanabwera n'kuigubuduza nthenga ija pamwamba pa nsapato ya amalume. Anaima nthawi yaitali, mutu uli pansi. Kenako anasuntha, anapondanso bwino, n'kumenya. Sindinaonenso mpira womenyedwa bwino ngati umenewo. Unapita mowongoka ngati waukoka ndi chingwe, unadumpha, n'kukaima pafupi ndi mbendera penipeni. Ndinadikira funso lija. Silinabwere. Ndinakuwa ndekha kuti wagwera pa mbendera, amalume, pa mbendera! Anagwedeza mutu kusonyeza kuti amva. Anavula chipewa, anapita kwa anyamata aja, anawagwira chanza mmodzimmodzi n'kuwathokoza. Atatero anatenga chikwama kwa amayi, anachikoleka paphewa pawo, n'kutembenukira kumene tinachokera. Amayi anawagwira pachigongono. Mpira uja tinausiya komweko.

Bambo wa ku Zambia anali atagona m'galimoto zitseko zili pululu. Atationa anadzuka akumwetulira, anayang'ana nkhope zathu, n'kuzimitsa wailesi. Tinauyamba ulendo wobwerera ku Beaumont Leys. Mpando unkawotcha ntchafu, ndipo amayi anali ndi timaudzu toyera tomatirira pa mawondo.

M'mawa mwake aphunzitsi anandiimitsa pakhomo la kalasi, maso ali mwaa, kufunsa mmene zinayendera. Anali mayi wabwino, anali atauza kalasi yonse kuti amalume anga mwina adzaoneka pa TV. Ndinati sanamalize. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndisadandaule, chaka chamawa chiliko. Ndinakhulupirira. Ndinafika nawo mawuwo kunyumba ngati mphatso, n'kuwauza amalume m'Chichewa chosamala kuti aphunzitsi akuti chaka chamawa chiliko. "Akunena zoona," anatero. "Chaka chiliko." Amayi anatuluka m'chipindamo.

Kupaki sitinapitenso. Mpikisano waukulu uja utafika, ndinkayesa kuti TV ikhala yozimitsa, koma amalume anaiyatsa okha n'kukokera mpando pafupi. Bwalo la pa TV nalonso linali lopsa, lofiirira ngati lathu, ndipo akatswiri a dziko lonse lapansi ankavutika ndi mipira yothamanga mosaimika. Amalume sankayang'ana kwenikweni. Ankapendeketsa mutu, khutu kuloza ku TV. Ndodo ikalira ankati, "Ameneyo wamenya," kapena, "Ayi, wakumba," anthu a pa TV asanawombe m'manja kapena kubuula. Amayi, amene kale akamva gofu ankapita kukachapa, anakhala nafe masiku onsewo akusenda chinangwa m'mbale pamiyendo. Amene anapambana sindimukumbuka. Ndimakumbuka amalume akunena, mpira wina utagubuduka mtunda wautali pa udzu wouma, "Mwaona, achemwali? Sindinkanama." Amayi anayankha kuti, "Simunkanama."

Ntchito ya ku Loughborough inatha mwezi wotsatira. Sankathanso kuwerenga zolembedwa pa mabotolo a mankhwala a okalamba aja, ndipo anakanena okha asanalakwitse. Atangokhala pakhomo masabata angapo, ananena kuti akubwerera kumudzi. Amayi analimbana nawo. Anati zipatala zabwino zili kuno, anati kumeneko adzawayang'anira ndani, anati mwanayu mwamulera nokha ndiye mumusiya bwanji. Amalume ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse, mofatsa. Ankati misewu ya kuno imafuna maso, koma njira za kwawo mapazi awo amazidziwa okha. Ankatinso akufuna akaone phiri la Ndirande likadali phiri, lisanasanduke mthunzi.

Anakalionadi. Anakhala kwa msuweni wawo, ndipo patapita zaka ziwiri mdima unatseka maso onse. Tinkalankhulana pa foni Lamlungu lililonse, iwo n'kumandikonza Chichewa mpaka mawu atawongoka. Anamwalira nthawi ya mliri ija, ndege zisakuuluka. Maliro tinaonera pa foni ya amayi, itatsamira botolo la mafuta ophikira patebulo la kukhitchini, chithunzi chikuima n'kumayambanso.

Koma tsiku limene ananyamuka, zonsezi zinali zisanafike. Mvula inali itabwerera, ndipo udzu wa m'paki unali utayamba kuphuka timasamba tobiriwira pakati pa wouma uja. Tinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi m'tauni, kumene ankakwera basi yopita ku bwalo la ndege. Pansi panali ponyowa, ponunkha dizilo. Amayi ankangokonzakonza kolala ya jekete la amalume, kuwakumbutsa za mapiritsi, za jakisoni, za kudya pa nthawi yake. Dalaivala atayamba kulowetsa masutikesi, amalume anagwada pa simenti yonyowayo, buluku lawo losita lija osalisamala, n'kundigwira nkhope ndi manja onse awiri. Zikhatho zawo zinali zokhakhala, zofunda.

Sanandiyang'ane molunjika. Anatembenuzira mutu kumbali, ngati nkhuku ikamayang'ana kabawi, n'kumandiyang'ana ndi ngodya ya diso. Anayamba pachipumi, anatsika pang'onopang'ono, maso, mphuno, pakamwa, chibwano. Atamaliza anatembenuzira mutu mbali inayo n'kuyambiranso. Anthu a pamzere ankatidutsa uku ndi uku. Dalaivala anayang'ana wotchi yake. Amayi anali atatembenuka, akuwerenga chikwangwani cha mabasi opita ku Nottingham ngati kuti ali ndi ulendo wa kumeneko.

Ine ndinachita manyazi. Ndinaganiza kuti mwina pankhope panga patsalira jamu wa m'mawa, ndipo ndinafunsa ngati ndadetsedwa penapake.

"Ayi," anatero amalume. "Ima kaye choncho."

Ndinaima, ndikudzikanda mwendo ndi nsapato inayo, ndikuganiza ngati amayi andigulire tchipisi pobwerera. Ndinkadziwa kuti munthu akapita kutali umamusowa. Zoti munthu angathe kulongedza nkhope ya mwana, pang'onopang'ono, kuti akaigwiritse ntchito kumene kulibe kuwala, ndinali ndisanazidziwe.